Amuna Anga Anakomoka M'bwalo, Kiliniki Yalemba Kuti Akhoza Kusewera

Amuna anga anagundana mutu ndi mnzawo pa mpira Loweruka, anakomoka anthu onse akuona. Lero Lachitatu ndamva kuti kiliniki imene timu yawo imatumizako osewera yatulutsa pepala lakuti ali bwino, akhoza kulowanso m'bwalo. Dotolo amene wasaina pepalalo sanawaonepo ngakhale kamodzi. Werengani mpaka pansi, makamaka inu amene muli ndi mwamuna, mwana kapena mlongo wosewera mpira.

Ine ndine Celina, ndimaluka tsitsi ku Chiuaula. Amuna anga, a Jaime, amatchinga kumbuyo m'timu ina ya muno mu Lichinga. Mpira ndiyo ntchito yawo, alibe ina. Tili ndi mwana mmodzi, Tina, wa zaka zisanu. Dzina la timu sinditchula. La kiliniki sinditchulanso. Eni ake akudzidziwa.

Mpira unayamba 15h00. Ndinaima pafupi ndi waya, nditafunda kapulana ziwiri chifukwa cha mphepo yathu ija. Nthawi ya 15h38 adani anapeza kona. Nthawiyi ndikuidziwa bwino chifukwa ndinali kujambula pa foni. A Jaime analumpha, wosewera wa timu inayo analumphanso, mitu inakumana m'mwamba. Phokoso lake ndinalimva ndili ku waya kuja, ngati dzungu lagwera pa simenti.

Winayo anadzuka atagwira pachipumi. Amuna anga sanadzuke. Anagwa chagada, dzanja limodzi litauma m'mwamba, zala zitapindika. Miyendo inagwedera kawiri, kenako zii. Pa vidiyo yanga ndi pafupifupi mphindi yathunthu munthu osasuntha.

Anathamangira kumeneko masajista, munthu wa timu amene amasisita osewera akapweteka. M'manja mwake munali ndowa ndi siponji. Anawathira madzi ozizira kumaso ndi m'khosi. Anawamenya makofi awiri patsaya. Anawakoka mikono n'kuwakhazika tsonga, mutu ukulendewera ngati wa nkhuku yozingidwa. Machira anali pomwepo, atatsamira benchi. Palibe anawakhudza. Kodi machira amenewo ndi a chiyani, okongoletsera bwalo?

Abudo, goloboyi wa timu yathu ndiponso mnzawo wa a Jaime, anaima pafupi ndipo anamva zonse. Akuti masajista anafunsa funso limodzi lokha: “Uli bwino, m'bale?” A Jaime anati, “Ee.” Basi. Kuyeza konse kunathera pamenepo. Ndiuzeni, ndi wosewera mpira uti amene angayankhe kuti ayi, anthu odzaza bwalo akumuyang'ana?

Mphunzitsi wa timu, amene onse amamutcha Mista, anali kukuwa ali pa mzere: “Abwerere! Abwerere!” Nthawi ya 15h42 amuna anga anabwerera m'bwalo.

Ine ndakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri, kathamangidwe kawo ndimakadziwa. Amene anabwerera uja sanali iwo. Anali kuyenda ngati munthu woponda m'matope. Mpira unawadutsa pambali, iwo anatembenuka mochedwa, kutembenukira kolakwika. Abudo akuti a Jaime anamufunsa katatu konse: “Tikusewera ndi ndani?” Katatu. Pa nthawi yopuma Abudo anakauza Mista. Yankho lake: “Mutu wa Jaime ndi mwala. Ndikamutulutsa ndiikapo ndani, iweyo?”

Ndinakuwa pa waya paja mpaka mawu anasasa. Ndinati atulutseni, sali bwino. Bambo wina pambali panga anaseka, nati, “Mayi, ndi mpira uwu, si kwaya.” Anthu anasekera limodzi.

Nthawi ya 16h31 a Jaime anayenda okha kupita ku mzere, anawerama, nasanza. Pamenepo m'pamene anawatulutsa. Osati chifukwa chakuti wina anaona kuti akudwala, koma chifukwa munthu sangasanze ndi kutchinga golo nthawi imodzi. Anakhala pa benchi atafunda thaulo kumutu. Timu inapambana chigoli chimodzi kwa duu, anthu anavina.

Mpira utatha masajista anandiuza kuti ndi kachizungulire chabe, ndipite nawo ku kiliniki ya timu akalandire mapiritsi. Ndinafunsa galimoto ya timu. Inali itanyamuka kale ndi Mista ndi akuluakulu, kukasangalala. Ndinaimitsa takisi-mota. A Jaime sankatha kukhala mowongoka, ndiye ndinavula kapulana imodzi n'kuwamangirira m'chiuno mwa woyendetsa, ine n'kukhala kumbuyo nditawagwira. Tili panjira anatembenuza mutu n'kundifunsa, “Celina, mpira uyamba nthawi yanji?” Maondo awo ali matope okhaokha a mpira womwewo.

Tinafika ku kiliniki 17h40. Pa desiki panali mayi wina, maso pa foni, akuonera filimu. Ndinamuuza kuti amuna anga agundidwa mutu, anakomoka, asanza, ndipo akuiwala zinthu. Sanadzutse nkhope. Anati, “Giya ili kuti?” Giya ndi kapepala ka chidindo kochokera ku timu, kosonyeza kuti wosewerayu ndi wawo. Ndinati ndilibe, tachokera ku bwalo. Munthuyo wavala yunifomu ya timu, nambala ili kumsana. Anati yunifomu si giya.

Kenako anafunsa, “Magazi akutuluka?”

Ndinati ayi.

“Ndiye si zachangu. Khalani pa bicha.”

Bicha yake, mzere wodikira uja, inali ya anthu atatu. Mmodzi anabwera kudzayezetsa shuga, ndipo iye yemweyo anati tiyambe ife. Mayi uja anakana. Popanda giya, palibe kulowa. Ndinaimbira mlembi wa timu kasanu ndi kamodzi. Foni yozimitsa. Ndinaimbira Mista, inaitana mpaka kudula yokha. Ndinaimbira Abudo, iye anati akamusaka mlembiyo kulikonse kumene ali.

Nthawi ya 18h10 a Jaime anasanzanso, pansi pomwepo. Apa ndiye mayi uja anaimirira msanga. Ndinati mwina tsopano waona. Analowa m'kachipinda, natuluka ndi chokolopera, n'kundipatsa m'manja. “Wokolopa waweruka kale,” anatero. Ndinakolopa. Ndinakolopa masanzi a amuna anga ndi dzanja limodzi, dzanja lina ndikuwakankhira pa khoma kuti asagwe pa benchi. Kodi simenti yanu ndi yamtengo wapatali kuposa mutu wa munthu?

Abudo anafika 18h50 ndi giya, thukuta lili kamukamu m'chisanu chimene chija. Mlembiyo anamupeza ku bala, chidindo chili m'thumba la jekete. Anatiitana kulowa 19h05. Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu tili pa benchi ndi munthu wokomoka kale.

M'katimo munali namwino wamwamuna. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa kona paja. Anagwedeza mutu, natenga chala cha a Jaime, nachibaya. Kuyeza malungo. Munthu wagundidwa mutu pamaso pa anthu odzaza bwalo, inu mukusaka udzudzu? Zotsatira zinati malungo palibe. Ndiye anawerama n'kununkhiza pakamwa pawo, akumwetulira. “Mwapambana lero eti? Simunayambe kale kumwa?” A Jaime samwa mowa, ngakhale pa ukwati wathu sanalawe.

Ndinatulutsa foni kuti aone yekha mmene anagwera. Anaonera pang'ono, n'kundifunsa ngati ndinajambulanso chigoli chija.

Anapapasa mutu ndi zala ziwiri. Anati bala palibe, chotupa n'chaching'ono. Sanawaunike m'maso. Sanawafunse kuti lero ndi tsiku lanji, kapena kuti ali kuti. Sanawaimiritse kuti aone mayendedwe. Mafunso onse ankafunsa ine, ngati wodwalayo ndi thumba la nyemba limene ndabwera nalo. Ndinati, nanga kuiwalaku? Anati ndi kutopa. Ndinati, nanga kusanza kawiri? Anati ndi madzi amene anamwa akuthamanga. Ndinapempha kuonana ndi dotolo. Anati dotolo adzabwera Lolemba. Nditaumirira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, “Mayi, unamwino wanu munaphunzira kuti?”

Anatipatsa mapiritsi khumi a panado. “Akagone. Mawa adzuka ngati khanda.” Tinatuluka 19h12. Mphindi zisanu ndi ziwiri.

Ndipo ine ndinapita nawo kunyumba. Ichi chikundidya mpaka pano. Mtima unkakana, koma munthu wovala zoyera akakuuza kuti palibe kanthu, iwe woluka tsitsi ungatsutse chiyani? Sindinagone. Ndinangokhala pambali pawo kumvetsera ngati akupuma.

Lamlungu 6h15 ndinatuluka kukatereka madzi. Pobwerera ndinawapeza pa khonde, atavala masokosi a mpira, akulimbana ndi zingwe za jombo. Zala zinkalephera kumanga mfundo. Anati ndifulumire, achedwa ku bwalo. Ndinawauza kuti mpira unaseweredwa dzulo, munapambana. Anati, “Zoona?” Patapita kanthawi kochepa anafunsanso kuti mpira uyamba nthawi yanji. Maso anali atawatsinzina, akuti kuwala kukuwabaya, chonsecho dzuwa linali lisanatuluke bwino, kunja kuli nkhungu.

Tina anadzuka, nathamangira kwa iwo. Anamuyang'ana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera. “Iwe... iwe...” Dzina silinabwere. Mwana anati, “Ndine Tina, papa.” Iwo anagwira kumaso n'kuyamba kulira. Pa zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo awo.

Ndinaimbira alamu anga a Eusébio, akulu awo a Jaime, amene amakhala ku Lulimile. Anabwereka galimoto kwa mnzawo, nafika asanasambe n'komwe. Anati ku kiliniki ija sitibwererako. Tinapita ku chipatala china.

Tinafika 7h30. Nditangotchula mawu atatu, kugundidwa mutu, kukomoka, kusanza, anatilowetsa pomwepo. Palibe anafunsa chidindo. Adotolo anali mayi wachitsikana. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi a Jaime, n'kumalankhula ndi iwo, osati ine. Anawaunika m'maso ndi katochi. Anawauza kuti atsatire chala chawo ndi maso. Anawafunsa tsiku, iwo anati Loweruka. Anawapatsa mawu asanu kuti awasunge: nyemba, mpando, mvula, njinga, mchere. Anawauza kuti atchule miyezi chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Anafika pa Okutobala n'kuima, n'kumandiyang'ana ine kuti ndiwathandize. Atawafunsa mawu asanu aja, anakumbukira awiri. Anawaimiritsa, mapazi pamodzi, maso otseka. Munthu amene amalumpha kuposa aliyense m'timu anapendekeka ngati mtengo wodulidwa, alamu n'kuwawakha.

Vidiyo ija adotolo anaionera yonse, kawiri. Kenako anandifunsa, “Atadzuka apa anapita nawo kuti?”

Ndinati anabwerera m'bwalo.

Anaika cholembera pansi. “Anaseweranso?”

Ndinati inde, mpaka chigawo chachiwiri, ndipo anamenyanso mpira ndi mutu, sindikudziwa kangati.

Anatembenuka n'kuyang'ana a Jaime. Maso amenewo anandiopsa kuposa zonse zimene ndinaona dzulo lake.

Kenako anatifotokozera m'mawu oti tonse timve. Anati ubongo ndi wofewa, ndipo mutu ukagundidwa mwamphamvu umagwedezeka n'kukagunda fupa m'kati. Kunja kumakhala kopanda bala, kopanda magazi, koma m'kati mwavulala. Anati dzanja louma m'mwamba lija ndi chizindikiro choti aliyense woima pa mzere amayenera kuchidziwa: munthu wotero sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale alumbire kuti ali bwino. Anati choopsa kwambiri ndi kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire, chifukwa ukhoza kutupa, munthu n'kulumala kapena kufa. Alamu anga, bambo wamkulu woti amaphunzitsa ana a anthu, anakhala pansi pa simenti.

Anatitumiza kukajambulitsa mutu kuti aone ngati magazi akukha m'kati. Tinadikira zotsatira mpaka 13h00. Sindikumbuka chimene ndinapemphera, ndikungokumbuka kuti ndinaluma ngodya ya kapulana mpaka kuboola. Magazi sanapezeke. Koma anawagoneka masiku awiri kuti aziwayang'anira. Potitulutsa dzulo Lachiwiri anatilembera malamulo: apume m'chipinda chopanda phokoso, achepetse foni ndi kanema, asathamange, mpira asaukhudze mpaka adotolowo atawayezanso n'kuvomereza okha, ndipo kubwerera kwake kudzakhala kwa pang'onopang'ono. Mutu ukakula kupweteka, akasanzanso, akavuta kudzutsa, tithamange nawo.

Masiku awiri onsewo, wa timu amene anabwera kudzawaona ndi Abudo yekha.

Lero 9h20 foni yalira. Mista. Mawu okoma ngati uchi. “Mana Celina, mkango wathu uli bwanji?” Wati Loweruka likubwerali pali mpira waukulu, a Jaime afike mawa ku maphunziro a mpira. Ndamuuza zimene adotolo anena. Waseka. “Dotolo uti? Ife tili ndi pepala la kiliniki yathu.” Wanditumizira chithunzi chake. Dzina la amuna anga. Pansi pake liwu limodzi la zilembo zazikulu, APTO, kutanthauza kuti ndi woyenera kusewera. Siginecha ya dotolo. Chidindo. Tsiku lake Lolemba.

Lolemba! Lolemba amuna anga anali gone pa bedi la chipatala china, ine nditagwira beseni. Munawayeza bwanji? M'maloto?

Ndakwera chapa, minibasi yathu ija, 10h45 ndinali pa desiki pomwe paja, kwa mayi yemwe uja. Lero sindinakhale pa bicha. Ndinalowa ndekha mpaka kwa dotolo wawo, n'kumuonetsa pepalalo, n'kumufunsa ngati amuna anga amawadziwa nkhope. Wati iye amasaina potsatira zimene namwino walemba m'buku. Watsegula bukulo. Mzere umodzi: mutu kupweteka, malungo palibe, watuluka ali bwino. Za kukomoka mulibe. Za kusanza mulibe, chonsecho ndinakolopa ndekha pakhomo pawo. Za kuiwala mulibe. Wati mapepala a timu amabwera ambiri Lolemba, sangathe kuona wosewera aliyense. Ndamuonetsa kalata ya adotolo ena aja, ndamupempha kuti alembe pepala lina lofafaniza loyambalo. Wati pepala likatuluka latuluka, ngati pali vuto ndibwere ndi wodwalayo pamodzi ndi giya yatsopano.

Giya yatsopano. Yochokera kwa anthu omwe akufuna kuti asewere.

Koma chimene chandichititsa kulemba si dotolo ameneyo. Ndi zimene ndapeza pobwerera kunyumba. Mista anali atawaimbira a Jaime ine kulibe. Ndawapeza atakhala pa bedi, mawindo otseka, akulankhula maso ali chitsinzinire. “Celina, ndikakhala pansi aikapo wina. Kontarakiti ikutha chaka chino. Pepala likuti ndili bwino.” Ndawauza kuti ngati muli bwino imirirani, mukafike pa chitseko osagwira khoma. Aimirira. Mapazi atatu, dzanja lili kale pa khoma. Ayang'ana dzanja lawolo, n'kunena chapansipansi, “Pofika Loweruka zikhala zitasintha.”

Mwaona chimene mwachita? Munthu anali atamvera adotolo. Anali atavomera kupuma. Inu mwamupatsa pepala la chidindo loti azitsutsira mkazi wake, mkulu wake, ndi thupi lake lomwe. Ndili ndi mantha, abale. Ndikuopa kupita kukaluka tsitsi, kuti mwina pobwera ndipeza atuluka. Ndikuopa kulira kwa foni. Jombo zawo ndapereka kwa alamu, zili ku Lulimile, koma jombo munthu amabwereka.

Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho. Inu a kiliniki, ndi mapepala angati a APTO amene mwasaina osaona munthu? Namwino amene analemba bodza m'buku uja, lero akuyeza mwana wa yani? Inu a timu, masajista wanu anaphunzirapo china choposa kuthira madzi? Mista, Abudo atakuuzani kuti munthu sakudziwa amene akusewera naye, munamva chiyani? A Jaime akanagwa kachiwiri osadzukanso, mukanadzanena chiyani kwa Tina, kuti tinapambana?

Kwa inu anzanga amene mumaima pa waya ngati ine: wanu akagundidwa mutu n'kugwa, musadikire magazi. Akauma manja, akadzandira, akafunsa funso limodzi kawiri, akasanza, akamathawa kuwala, ameneyo wavulala m'kati. Musamufunse ngati ali bwino, ayankha kuti ee. Mufunseni kuti lero ndi tsiku lanji, akusewera ndi ndani. Akalephera, atuluke pomwepo. Ndipo amene akumuyeza akapanda kumuunika m'maso ndi kumufunsa yekha mafunso, nyamukani mupite kwina tsiku lomwelo. Musachite zimene ndinachita ine.

Kalata ya adotolo ndaijambulitsa makope anayi. Mawa imodzi ndikasiya ku ofesi ya timu, ina kwa oyendetsa mpikisano, ndipo onse akandisainira kuti alandira. Zikapanda kumveka, Loweruka ndidzafika ku bwalo chipata chisanatsegulidwe. Dzina la amuna anga likadzangomveka pa mndandanda wa osewera, ndidzadumpha waya, ndidzakhala pansi pakatikati pa bwalo, pamene amaikapo mpira poyamba. Muitaniretu apolisi, Mista. Ine adzachita kundinyamula ndili wamoyo. A Jaime simudzawanyamula atafa.